Tisanagule magalasi, tiyambe tayezetsa maso

Ndiyambe ndi nkhani ya mayi anga aang'ono.

Akhala akutchola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo kwa zaka zoposa 20. Atafika zaka 45 anayamba kudandaula kuti makilo pa sikelo akuchepa, komanso a kapitawo akuwabwezera masamba, ati ndi okhwima. Iwo ankangoti manja afooka. Koma vuto silinali manja ayi. Wotchola tiyi amafuna masamba awiri anthete ndi kamphukira, ndipo zimenezi zimakhala pafupi, pofika mkono. Maso awo ndi amene anasiya kuona bwino zapafupi. Ngakhale ulusi mu singano ankachita kuitana mdzukulu.

Si matenda achilendo. Munthu akapitirira zaka 40, kagalasi kachilengedwe ka m'kati mwa diso kamayamba kulimba, zapafupi n'kumaoneka mwachimbuuzi. Mu 2018 magazini ya Lancet Global Health inasindikiza kafukufuku wa ku Assam, m'dziko la India, pa otchola tiyi 751, ambiri mwa iwo amayi. Omwe anapatsidwa magalasi oonera pafupi anatchola tiyi wochuluka ndi 21.7 peresenti kuposa anzawo. Ndiye taganizani, pantchito yoti ndalama imatsatira kulemera kwa dengu, maso ndi chakudya cha ana.

Ine mwachikondi ndinalakwitsa. Ndinawagulira magalasi kwa venda mumsewu ku Limbe, olembedwa +3.00, poganiza kuti nambala yaikulu ndiye yabwino. Masiku awiri okha, mutu waching'alang'ala, chizungulire, magalasi aja n'kuponyedwa m'chikwama. Mphamvu yake sinali yawo. Ndiye nazi zomwe ndinaphunzira.

Choyamba, yezetsani. Pitani ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo ku Makwasa mukafunse za oona maso. Vuto likakhala lalikulu kuli chipatala cha maso cha Lions Sight First ku Queens ku Blantyre. Mukapita kolipira m'tauni, musachite manyazi kufunsa ngati wokuyezaniyo ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Kuyeza si kungowerenga zilembo pakhoma basi. Amaonanso ng'ala, zizindikiro za shuga, ndi glaucoma, nthenda imene imadya maso mwakachetechete popanda kupweteka. Venda sangaone zimenezo.

Auzeni ngati muli oyembekezera kapena muli ndi shuga. Zonsezi zimatha kusintha kaonedwe kwa kanthawi, ndipo mungagule magalasi okwera mtengo oti pakapita miyezi ingapo sakukuyaninso.

Chachiwiri, pepala la zotsatira musalisiye, ndi lanu. Lijambuleninso pa foni. SPH ndi mphamvu ya galasi: ikakhala ndi − ndiye kuti simuona bwino patali, ikakhala ndi + diso limavutika kwambiri ndi zapafupi. CYL ndi AXIS zimakonza diso lomwe kutsogolo kwake si kobulungira mofanana. ADD ndi mphamvu yoonjezera yowerengera. PD ndi mtunda wa pakati pa maso awiri mu mamilimita, ndipo ikalakwika mutu umapweteka ngakhale nambala zina zili zolondola. Muli ndi pepalali mutha kuyenda mashopu atatu kufunsa mitengo. Palibe amene angakukakamizeni kugula pomwe mwayezetsera.

Chachitatu, fotokozani ntchito yanu. Wotchola tiyi, telala, wowerenga buku ndi wokhala pa kompyuta saona pa mtunda umodzi. Magalasi owerengera okha ukadzutsa mutu njira imaoneka mbuu, ndipo m'minda yotsetsereka ngati yathu ino munthu atha kuterereka. N'chifukwa chake pali a bifocal, pamwamba oonera patali, pansi oonera pafupi, komanso a progressive opanda mzere, amene ndi okwera mtengo ndipo amafuna masiku angapo kuti muwazolowere. Magalasi ogula okonzeratu amathandiza ndithu, koma pokhapokha maso onse awiri akufuna mphamvu yofanana ndipo wokuyezani wakuuzani nambala yake.

Chachinayi, felemu. Tonse timafuna kutchena, eti? Palibe cholakwika. Koma muli m'shopumo weramani ngati mukutola kanthu pansi. Akatsetsereka pamphuno, asiyeni. Asafinye m'makutu, asagunde masaya mukamwetulira. Ngati nambala yanu ndi yaikulu, felemu yaing'ono imathandiza kuti magalasi asakhale okhuthala ndi olemera. Funsaninso kuti akathyoka kapena mukapanda kuona nawo bwino adzakukonzerani mpaka liti.

Chachisanu, zoonjezera. Kwa wogwira ntchito padzuwa tsiku lonse, chitetezo cha UV n'chofunika. Koma ife a mafoni timauzidwa kuti tilipire zambiri pa magalasi otchinga kuwala kwa buluu. Mu 2023 bungwe la Cochrane litaunika kafukufuku amene analipo silinapeze umboni woti amachepetsa kutopa kwa maso. Ndalama ikavuta, yambirani kudula pamenepo.

Pali mawu aja akuti magalasi amapha maso, ukayamba sudzasiya. Si zoona. Ukazolowera kuona bwino ndi pamene umazindikira kuti kale unkavutika. Enanso amati mtsikana wovala magalasi ndi wodzimva. Asiyeni alankhule, maso ndi anu.

Mayi anga aang'ono tinapita nawo kukayezetsa. Anawapeza ndi +1.50, theka la zomwe ndinawagulira ine. Lero singano amalowetsa okha, ndipo magalasi awo amawamangirira kachingwe m'khosi kuti asagwere m'tiyi.

Ndiye mukabwerera ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Lilongwe, muwaimbire foni mayi kumudzi. Musangofunsa kuti mwadzuka bwanji. Afunseni ngati uthenga wa pa foni akuwerenga okha, kapena akuchita kuitalikitsa mkono wonse. Akayankha kuti akutalikitsa, mwezi uno ndalama ya thiransipoti yopita kukayezetsa ikhale yoyamba.