Mlendo ndi Buku la ku Banki

Lero tikambirane za mlendo amene wafika m'dziko la eni ndipo akufuna posungira ndalama zake.

Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kumene kale kunali ndende, kunatsegulidwa msasa wa anthu othaŵa kwawo m'chaka cha 1994. Ambiri mwa iwo ndi ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Kwa zaka zambiri anthuŵa ankasungira ndalama m'nyumba, popeza banki imafuna chiphaso chosonyeza kuti munthu ndi yani, pamene wothaŵa nkhondo kaŵirikaŵiri amasiya mapepala ake m'mbuyo. M'chaka cha 2018 New Finance Bank, imene inadzatchedwa MyBucks ndipo pambuyo pake Centenary Bank, inatsegula nthambi mumsasamo, nivomera chiphaso cha othaŵa kwawo. Motero mlendo anayamba kusunga ndalama m'dzina lake.

Mawu akuti m'dzina lake ndiwo mutu wa nkhani yathu. Alendo ena, pofuna chidule, amaika ndalama m'buku la mnzawo wa m'dzikomo. Koma dziŵani kuti banki imazindikira dzina lolembedwa pa bukulo basi. Mnzanuyo akakutembenukirani, kapena akamwalira abale ake nadzatenga chuma cha masiye, thukuta lanu lapita.

Tsono musanasankhe banki, funsani mafunso anayi. Choyamba, kodi ili ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi, ndipo ikuvomera chiphaso chimene muli nacho? Chachiŵiri, imadula ndalama zingati pamwezi ndiponso nthaŵi iliyonse mukatapa? Buku losungira ndalama limapereka chiwongoladzanja, pamene la amalonda limayenera munthu wotapa kaŵirikaŵiri. Chachitatu, nthambi kapena wothandizira wake ali pafupi motani? Banki yakutali imadya ndalama zanu paulendo, choncho funsani ngati bukulo lingalumikizidwe ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba. Chachinayi, kodi abale anu akunja angathe kukutumizirani ndalama m'bukulo, ndipo pamtengo wanji?

Malangizo ameneŵa akukhudzanso ana athu opita ku Johannesburg kukafuna ntchito, pakuti kumeneko alendo ndi iwowo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani, ndipo musasaine pepala limene simunalimvetse.