CHITHOKOMIRO NDI MIYEZI ITATU YOYAMBA YA PAKATI

 Lero tikambirana za kachiwalo kakang'ono kamene kali pakhosi, kumunsi kwa kholingo, kotchedwa chithokomiro. Ambirife timaganiza kuti chithokomiro ndi chotupa chimene agogo ena amachibisa ndi mpango. Ai, tonsefe tili nacho. Chotupacho chimangosonyeza kuti kachiwaloka kakuvutika.

Ntchito ya chithokomiro ndi kupanga madzi otchedwa thyroxine, amene amayenda m'magazi ndi kuuza thupi liwiro logwirira ntchito. Madziwa akachepa, zonse zimayenda pang'onopang'ono. Munthu amatopa osagwira ntchito, amamva kuzizira anzake ali thukuta kamukamu, amadzimbidwa, khungu limauma, tsitsi limathothoka, ndipo amaiwalaiwala. Vuto lake ndi lakuti zambiri mwa zimenezi mayi woyembekezera aliyense amazimva, tsono apongozi amangoti, "Ndi mimbayo, zitha."

Tsono tamverani pamene pagona nkhani. Mwana akangokhala m'mimba, ubongo wake umayamba kuumbika, ndipo kuti uumbike bwino umafuna thyroxine. Koma chithokomiro cha mwanayo sichiyamba kugwira ntchito mpaka sabata ya 12, ndipo sichipanga madzi okwanira mpaka chapakati pa ulendo. Miyezi yoyambayi mwana amadalira chithokomiro cha mayi ake basi, ndipo mayiyo ayenera kupanga madziwa mowonjezera pafupifupi theka pa muyezo wake wa masiku onse. Chithokomiro chikakhala chofooka kwambiri, mimba itha kupita padera, mwana atha kubadwa masiku asanakwane, mwinanso kukula wosachedwa kuiwala za kusukulu. Ku Maine, m'dziko la America, madokotala anasonyeza m'chaka cha 1999 kuti ana a amayi amene anali ndi vutoli osalandira mankhwala ankakhoza mocheperako pa mayeso a nzeru.

Nanga kwathu kuno miyezi itatu yoyambayi timaitani? Timaibisa. Mayi amaopa kuti anthu a mtima woipa angamuchitire chipongwe, kapena amadikira kuti anamkungwi ayambe amulangiza, kapena amangoti mimba isanaoneke kusikelo ndikatani. Sitikunyoza miyambo ya makolo ai. Mayi atha kubisira mudzi wonse, ngakhale anzake a ku mphakati, koma asabisire anamwino. Kuyambira 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba ukhale masabata 12 asanathe. Wopita kusikelo mwezi wachisanu wapeza nthawi ija itadutsa kale.

Chithokomiro amachiyeza potenga magazi pang'ono pamkono n'kuona muyezo wa chinthu chotchedwa TSH. TSH ili ngati kapitawo amene amakuwira chithokomiro kuti chigwire ntchito. Chithokomiro chikafooka, kapitawoyu amakuwa kwambiri, choncho TSH ikakwera ndiye kuti pali vuto. Tikuuzeni zoona: kuyeza kumeneku sikuli m'gulu la zimene amayeza mayi aliyense kusikelo, monga kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi, chindoko ndi HIV. Wina anganene kuti n'chifukwa cha umphawi wathu, koma si zokhazo. Ngakhale m'maiko olemera madokotala sanagwirizane zoyeza mayi aliyense. Ku Britain ndi ku Italy anatenga magazi a amayi oyembekezera oposa 21,000, ndipo zotsatira za mu 2012 zinasonyeza kuti pofika zaka zitatu, ana a amayi amene anapezeka ndi vutoli napatsidwa mankhwala sanapose anzawo pa nzeru. Ena amati mankhwalawo anayamba mochedwa, cha m'sabata ya 13. Chimene onse amavomereza ndi chakuti pali amayi ena oyenera kuyezedwa ndithu, ndipo msanga.

Amayi ake ndi awa: amene ali ndi chotupa pakhosi, kaya chaching'ono, amene anachitidwapo opaleshoni ya chithokomiro kapena kumwapo mankhwala ake, amene mayi ao kapena m'bale wao anadwalapo, amene anapita padera kangapo, kapena anakhala nthawi yaitali osatenga pakati, ndiponso odwala shuga wobaya jakisoni kuyambira ubwana. Ngati muli m'gulu limeneli, musadikire kufunsidwa. Anamwino amakhala ndi mzere wautali, sangaone khosi lokutidwa ndi mpango. Nenani nokha kuti, "Adokotala, taonani pakhosi panga." Ndi ufulu wanu kufunsa ngati mukufunika kuyezedwa ndiponso kumene angakuyezeni. Kuchokera pa chipatala cha Kalembo atha kukutumizani ku chipatala cha boma ku Balaka, ndipo nthawi zina mpaka ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Abambo, apa ndi panu. Ndalama ya thandala ija yokwerera galimoto pa Ulongwe isachoke m'mpango wa mayi yekha.

Mankhwala ake ndi kambulu kakang'ono kotchedwa levothyroxine, kamodzi patsiku m'mawa musanadye kanthu. Sikavulaza mwana. Mayi amene ankamwa kale mankhwalawa asawasiye akaima, koma apite kuchipatala sabata yomweyo, pakuti kawirikawiri muyezo wake umafunika kuwonjezera. Chenjezo limodzi: mapiritsi owonjezera magazi amene mumalandira kusikelo amatsekereza levothyroxine kulowa m'thupi. Onse ndi ofunika, koma muwatalikitse ndi maola anayi.

Tisanatseke tinenepo za mchere. Chithokomiro sichingapange thyroxine popanda ayodini, ndipo mayi woyembekezera amamufuna wochuluka kuposa munthu wina aliyense pakhomo. N'chifukwa chake m'chaka cha 1995 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loti mchere ukhale wothira ayodini, ndipo kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti Amalawi ambiri akupeza ayodini wokwanira. Komabe gulani mchere wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini, osati wa pamulu wosadziwika kumene wachokera, ndipo muusunge m'chitini chotseka, kutali ndi dzuwa ndi moto. Sitikunena kuti muchulutse mchere m'ndiwo, pakuti umakweza kuthamanga kwa magazi. Chinangwa chowawa muchiviike mokwanira, chifukwa ululu wake umalimbana ndi ayodini. Dziwaninso kuti mwa amayi ena chithokomiro chimafooka ngakhale mchere uli wabwino, chifukwa asilikali a m'thupi amachiukira molakwitsa. Oterewa mchere sungawachize, afunika kambulu kaja.

Tsopano tigawane m'magulu, amayi paokha, abambo paokha. Funso lake ndi ili: m'mudzi mwanu, mayi akazindikira kuti waima, amayamba wauza yani, ndipo pamapita miyezi ingati asanafike kusikelo? Alembi a magulu atiuze mayankho tikamaliza kudya.