Wosamalira odwala naye amafuna womusamalira

Mawu oyankhulidwa pamsonkhano wa chitukuko wa anthu a m'mawodi a khonsolo ino



Nkhani za chipatala zikafika pamisonkhano ya chitukuko, kawirikawiri zimakhala za nyumba, mankhwala ndi ambulansi. Zonsezi nzofunika ndithu. Koma lero nkhani ili pa anthu ogwira ntchito m'nyumbazo: anamwino, madokotala, alangizi a zaumoyo, osesa m'zipinda za odwala, alonda ndi madalaivala. Mliri ukagwa, anthu amenewa ndiwo amayamba kukumana nawo, ndipo ndiwonso amatsiriza kupuma.

Dziko lino silidaiwale kolera wa 2022 ndi 2023. Matendawa adayambira m'boma la Machinga mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atangoononga zimbudzi ndi zitsime m'chigawo cha kummwera. Kale kolera ankatha mvula ikatha, koma uyu adapitirira chilimwe chonse mpaka adafika m'maboma onse. Pa 5 Disembala 2022 mtsogoleri wa dziko panthawiyo, a Lazarus Chakwera, adalengeza kuti kolerayu ndi ngozi yogwa mwadzidzidzi pa umoyo wa anthu. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa, ndipo mu Malichi namondwe wa Freddy adadzaonjezera mavuto. Pomwe boma linkalengeza mu Julaye 2024 kuti mliriwo watha, anthu oposa 58,000 adali atadwala ndipo oposa 1,700 adali atamwalira. M'mbiri ya Malawi simudakhalepo kolera woopsa chotere.

Ziwerengerozi zimanena za odwala ndi omwalira. Koma wodwala aliyense adali ndi munthu womubaya dilipi, womusambitsa ndi womutayira ndowa. Kolera amatha madzi m'thupi mofulumira kwambiri, mwakuti munthu wodzuka bwinobwino m'mawa atha kutsirizika dzuwa lisanalowe. Wodwala wamkulu wolemera makilogalamu 60 akafika atafookeratu, amafunika malita 6 a madzi a m'dilipi m'maola atatu oyamba. Misempha yake imakhala itafota, yovuta kuipeza. Namwino amaifunafuna ali chowerama mutenti motentha, mukununkha kolorini, kwinaku pakhomo pafika wina pa njinga, wina pa ngolo. Dilipi ikatha pabedi ili, pabedi linalo yatsala pang'ono. Pachipatala chaching'ono cha kumudzi, namwino yemweyo ndiye woyembekezeredwa kuchiritsa mayi wapakati usiku womwewo ndi kuona mwana wa malungo kukacha.

Kutopa kwa thupi kumatha munthu akagona. Cholemera koposa ndi chimene chimatsala mumtima. Akatswiri a zaumoyo amati odwala kolera akathandizidwa msanga, omwalira safika ndi mmodzi yemwe pa anthu 100 alionse. Pamliri uja omwalira adali pafupifupi atatu pa 100 alionse, ndipo china mwa zifukwa zake chidali kufika mochedwa kuchipatala. Wogwira ntchito amadziwa bwino kuti mwana amene wamwalira m'manja mwake akadachira akadafika maola ochepa m'mbuyomo. Ngakhale kulakwa sikwake, amapita kunyumba akudzifunsa ngati panalibe china chimene akadachita. Akafika kwawo amaopanso kukumbatira ana ake, kuti mwina wawatengera matenda. Kukacha abwerera kuntchito, popanda nthawi yolira kapena munthu womuuza zakukhosi.

Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidavomereza kuti kupanikizika kwa nthawi yaitali pantchito kumamtheratu munthu mphamvu, ndipo lidatchula zizindikiro zitatu. Choyamba ndi kutopa kosatherapo. Chachiwiri ndi kuzirala mtima pantchito, munthu nkuyamba kuiona ngati chilango. Chachitatu ndi kulephera kugwira ntchito bwino monga kale. Pakhomo izi zimaoneka mwa njira zina: kusowa tulo, kukwiya msanga, kupweteka mutu, kudzipatula, ndipo ena amayamba kubisala m'mowa. Namwino amene adali waulemu akayamba kukalipa pa zinthu zazing'ono, anthu amafulumira kunena kuti wayamba matama. Nthawi zina nzoona, ndipo mwano kwa wodwala sungavomerezedwe. Koma nthawi zina pamakhala munthu amene watha mausiku angapo osagona, ataona maliro ochuluka kuposa amene mtima ungasenze.

Amayi ndi abambo, pali katundu wina amene anthu a m'midzi ndi m'matauni adaonjezera pamitu ya ogwira ntchitowa. Covid-19 atalowa m'dziko muno mu Epulo 2020, ena mwa iwo adakanizidwa kukwera minibasi chifukwa cha yunifomu, ena adaopsezedwa kuti asamuke m'nyumba za lendi. Pa nthawi ya kolera kudabuka mphekesera zoti achipatala ndiwo akufalitsa matendawa, ndipo m'madera ena anthu okwiya adaphwanya zipatala ndi kuthamangitsa ogwira ntchito. Mkwiyowo udali ndi kochokera. Maliro a kolera amaikidwa mofulumira, thupi litathiridwa kolorini, achibale osaloledwa kulisambitsa monga mwa mwambo. Banja loferedwa limamva ngati lalandidwa mbale wake kawiri. Komabe chipatala chikatsekedwa chifukwa cha chipwirikiti, woyamba kuvutika ndi mayi wa m'mudzi momwemo amene matenda amupeza usiku.

Ngakhale zidali choncho, ambiri sadathawe ntchito. Kupirira kwawo sikudagwe kuchokera kumwamba ngati mvula. Kudali ndi mizati yake. Mzati woyamba udali anzawo a pantchito, amene ankasinthana kuti wina akagoneko, kugawana chakudya ndi kukambirana za tsikulo ntchito ikatha. Wachiwiri udali zipangizo. Munthu amene ali ndi magolovesi, majombo, kolorini ndi madilipi okwanira amagwira ntchito mtima uli m'malo, pomwe wosowa zimenezi amalimbana ndi mantha asanayambe kulimbana ndi matenda. Ndicho chifukwa chake mu Epulo 2020 ogwira ntchito m'zipatala zina za boma adayamba anyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera. Mzati wachitatu udali banja ndi chipembedzo. Wachinayi udali wodwala amene adabwera atanyamulidwa nkubwerera kwawo akuyenda yekha. Mizati imeneyi ikagwa, ngakhale munthu wolimba mtima chotani amagwa nayo.

Choncho khonsolo ikupempha anthu a m'mawodi onse zinthu zisanu.

Choyamba, kufulumira. Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, apatsidwe Thanzi ORS nthawi yomweyo ndipo apite naye kuchipatala akumwa m'njira. Wodwala wofika msanga nthawi zambiri amachira ndi madzi akumwa okha, ndipo namwino amapeza mpata wothandiza ofooketsa.

Chachiwiri, kupewa. Chimbudzi pakhomo lililonse, mpondagiya ndi sopo pambali pake, madzi akumwa othira kolorini kapena owiritsa. Banja limodzi likapewa kolera, bedi limodzi mutenti limakhala lopanda munthu. Mafumu ali ndi mphamvu yoonetsetsa kuti malamulo a m'mudzi pa zimbudzi akutsatidwa mvula isanayambe.

Chachitatu, madandaulo apite koyenera. Wina akaona kuti sadathandizidwe bwino, pali komiti yoyang'anira chipatala, pali khansala, palinso ofesi ya ombudsman wa pachipatala. Dandaulo lopita kumeneko limafufuzidwa ndipo wolakwa amadzudzulidwa. Mwala woponyedwa pawindo la chipatala sudabwezepo moyo wa munthu.

Chachinayi, mphekesera zithere kwa amfumu ndi atsogoleri a zipembedzo. Uthenga wokayikitsa wa pa WhatsApp usanafalitsidwe, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo afunsidwe. Maliro a mliri akagwa, amfumu ndi achipatala akhale pansi ndi banja, alifotokozere chifukwa cha dongosolo lililonse, kuti womwalirayo aperekezedwe mwaulemu popanda kuika amoyo pachiswe.

Chachisanu, makomiti a VDC ndi ADC, posankha ntchito za chitukuko, akumbukire nyumba za ogwira ntchito pachipatala, mjigo wapafupi ndi magetsi a dzuwa. Namwino wokhala kutali ndi chipatala, wotunga madzi kudambo ataweruka usiku, sachedwa kupempha kuti amusamutse, ndipo dera limatsala lopanda womuthamangira.

Kwa ogwira ntchito zachipatala eni ake, uthenga ndi wakuti kuvomera kuti mtima walema si kufooka. Amene akusowa tulo kwa milungu, amene zithunzi za odwala omwalira sizikumuchoka m'maso, kapena amene wayamba kuganiza zodzipweteka, alankhule ndi mnzake wodalirika ndiponso ndi namwino woona za matenda a maganizo pachipatala cha boma. Chithandizo chapadera chimapezekanso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Akuluakulu a zipatala nawo ali ndi udindo wogawa ntchito mwachilungamo, kulola tchuthi mliri ukazizira, ndi kumvetsera antchito awo asanafike pothyoka.

Akuluakulu akale adati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Mvula idzabweranso, ndipo palibe angalonjeze kuti mliri wina sudzagwa. Tsikulo likadzafika, wodi iliyonse idzafuna kupeza namwino pachipatala chake ali wamphamvu ndi wofunitsitsa kuthandiza. Ntchito yomusunga namwinoyo ikuyamba tsopano, matenti asanakhomedwe.