INJINI IKATENTHA POKOKA KATUNDU M'CIGWA

Mau okambidwa kwa alimi ndi oyendetsa magalimoto a m'boma la Mambwe.

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, alimi a kwa Msoro, kwa Jumbe, kwa Malama ndi kwa Nsefu amasonkha ndalama napangana ndi mwini galimoto lalikulu, monga Land Cruiser, kuti likoke ngolo ya thonje kapena ya cimanga kucoka kumudzi kufikira ku mseu wa tala. Magalimoto otere ngamphamvu ndithu, koma ena amafera panjira cifukwa ca kutentha kwa injini. Zikatero katundu amagona kuthengo, ndipo mwini galimoto amatsala ndi ngongole kwa makanika.

Injini iri ngati ng'anjo. Mafuta akamapsa m'kati mwake, madzi amazungulira natenga kutenthako kunka nako ku rediyeta, kumene mphepo imawaziziritsa. Injini yabwino imagwira nchito madzi ake ali pa madigiri 85 kufikira 95. Pa mseu wa tala liwiro la galimoto limabweretsa mphepo yambiri. Koma mumcenga wa Lupande, kapena m'makande oumbika ndi mapazi a njobvu, galimoto limakwawa ngati fulu pamene injini ikulimbana ndi katundu. Moto wacuruka, mphepo yacepa, ndipo cotsala ndi fani yokha. Mu October, pamene dzuwa la m'cigwa limapitirira madigiri 40, mphepo yomweyo imafika ku rediyeta iri yotentha kale.

Cifukwa cake nzeru yoyamba iri pa kupatira katundu. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndiwo tani yathunthu, osawerenga kulemera kwa ngolo ndi anthu okwera. Pa njira yamcenga maulendo awiri a m'mamawa aposa ulendo umodzi wa masana. Woyendetsa alowetse giya yokokera, imene amaicha low range, asanalowe mumcenga, osati atatitimira kale. Pa giya yapamwamba injini imazungulira mwaulesi, ndipo pampu ya madzi ndi fani zimacita ulesi womwewo.

Mdani wina amabisala. Galimoto likamadutsa m'tinjira ta udzu wautali, njere za udzu ndi fumbi zimatseka timipata ta rediyeta kufikira itakhala ngati mphasa. Kunja galimoto lioneka labwino, koma mphepo siipyola. M'mawa uliwonse, injini isanalizidwe, woyendetsa ayang'ane pamenepo, atsuke ndi madzi kucokera kumbuyo kuti zinyalala zituluke kumene zinalowera. Asatokose ndi waya, pakuti timipope take ntopyapyala. Aonenso ngati lamba wa fani ngwokungika, ndi ngati mapaipi sakudontha.

Alipo amakanika ena amene amacotsa thermostat, kacitseko kamene kamalamulira kayendedwe ka madzi, nati injini idzazizira bwino. Kumeneko nkubisa nthenda. Kakafa, kagulidwe kena.

Tsono muvi wa kutentha ukayamba kukwera, woyendetsa asadikire kuti ufike pofiira. Azime makina oziziritsa m'kati, aime pamthunzi. Ngati madzi sakutayika ndipo fani ikuzungulira, aleke injini ilire pang'onopang'ono kufikira muvi utatsika. Koma nthunzi ikaoneka, kapena madzi akamacuca pansi, azime pomwepo. Kilomita imodzi yokakamiza ikhoza kupsereza gasket ndi kupotoza mutu wa injini.

Pano ndipo anthu amapwetekeka. Madzi a mu rediyeta amakhala otsekeredwa mwamphamvu, kotero kuti amapitirira madigiri 100 osawira. Munthu akamasula citsekero injini iri yotentha, madziwo amatumphuka namuocha nkhope ndi manja. Ayembekeze theka la ora kapena kupitirira, ana ndi okwera ali patali, ndipo pomasula aphimbe ndi ciguduli cocindikala. Madzi ozizira asathiridwe m'injini yamoto, pakuti citsulo cimang'aluka monga mbiya yotentha ikagwera m'madzi.

Madzi a mumtsinje ali ndi matope, ndipo a m'zitsime zina ali ndi mcere umene umatseka rediyeta pang'onopang'ono. Oyenera ndi madzi oyera osakaniza ndi mankhwala a m'rediyeta ogulidwa m'sitolo. Wopitirira ndi katundu ku Chipata anyamule cigubu ca malita 20, pakuti kucoka ku Mfuwe mseu umakwera pafupifupi mamita 500, ndipo zitunda zake zimatopetsa injini monga umacitira mcenga.