Ntchito ya Chimanga ndi Akuba Maina: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Nthambi ya Songani



Mwandituma kuti ndinene za thandizo la chakudya. Funso limene lili pakamwa pa anthu pamsika pano ndi ili: kodi nkoyenera kuti wanjala ayambe wagwira ntchito asanalandire? Ndipo akalandira, ndani adzamtchinjiriza kwa akuba?

Ife a boma la Zomba tikamva mawu akuti "gwira ntchito kuti udye" khutu limaima, pakuti makolo athu anaona thangata. Munthu ankalima munda wa mzungu kuti nyumba yake isagwetsedwe. Nchifukwa chake mwazi unagwa ku Magomero mu 1915, ndipo thangatalo linatha ndi lamulo mu 1962. Ndiponso agogo amakumbuka njala ya 1949, Bwanamkubwa ali Geoffrey Colby. Chimanga chinkagulitsidwa kwa okhala ndi ndalama, olembedwa ntchito ankalandira phoso, koma mkazi wokwatiwa ankauzidwa kuti amdyetse ndi mwamuna wake, chonsecho mwamunayo anatchona ku Salisbury kapena ku Joni. Lamulo linaona dzina la mwamuna pa kaundula, losaona mphika wopanda kanthu.

Tsono musandimve molakwa. Ine sindidana ndi ntchito. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagonanso pamatope. Matemba anasowa, asodzi nabwerera kumtunda manja lende. Namondwe wa Freddy mu 2023 anatisonyeza chimene madzi amachita pa phiri lopanda mitengo. Ngati mwamuna wamphamvu akumba ngalande, kubzala mitengo m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, kapena kukonza msewu wa kumudzi kwake, nalandira malipiro, imeneyo si thangata ayi. Phindu litsala kwa ife tomwe. Zotere tinaziona kuyambira masiku a MASAF.

Koma ntchitoyo ikhale ya amphamvu okha. Boma lomwe linavomera zimenezi pamene linayamba Mtukula Pakhomo ku Mchinji mu 2006: ndalama ija ndi ya banja losaukitsitsa limene lilibe munthu wotha kugwira ntchito, ndipo safunsa khasu. Tsono munthu asauze nkhalamba, wolumala, kapena mwana wolera anzake kuti akasenze miyala kuti dzina lake likhalepo. Ndiponso taonani nyengo yake. Njala imaluma mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi yopalira ndi kubandira. Mukamtenga mlimi tsiku lonse, munda wake umera udzu, ndipo chaka chamawa adzakhalanso pa mzere womwewo. Ntchito ithe dzuwa lisanafike pamutu, ndipo malipiro asagone miyezi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Tsopano ndifike pa akuba, ndipo pano ndichedwapo pang'ono.

Akuba aakulu mukuwadziwa. Njala ya 2002 isanafike, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinagulitsidwa, ndipo anthu atayamba kudya zikhawo nkhokwe zinali mbee. Koma lero ndikunena za wakuba wapafupi, amene timapatsana naye moni. Iyeyu sathyola chitseko. Amaba ndi pensulo. Amalemba dzina la munthu amene tinamuika m'manda kalekale, amalemba mkazi wake ndi mlamu wake, ndipo mkazi wamasiye dzina lake losaoneka. Wina amati, "Ndakulembetsa ndine, tsono pa thumba la makilogalamu 50 undipatseko ndowa." Wina, manyazi alibe, amapempha mtsikana chinthu chimene sindingachitchule pamaso pa apongozi. Kugawana ndi mnansi ndi mwambo wathu, ndipo mwini thumba akapereka yekha tiyamika. Koma kugawana kolamulidwa ndi wogwira kaundula ndi kuba basi.

Ndikudziwa chimene chimatitseka pakamwa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo wakubayo kawirikawiri ndi mphwake wa munthu wamkulu. Mafumu athu, tikulemekezani, ndipo chifukwa cha ulemu womwewo tikupemphani kuti maina aziwerengedwa pabwalo, masana, mudzi wonse ukumva, tsiku lolemba ndi tsiku lolandira. Dzina la wakufa silingapite pabwalo popanda wina kutsokomola.

Palinso kuba kwatsopano kumene agogo sanakuone. Ndalama zina tsopano zimabwera pa foni. Amayi, nambala yanu yachinsinsi ndi kiyi wa nkhokwe. Musaipereke kwa mnyamata wa pamsika, ngakhale kwa woimba foni amene akuti ndi wa ku ofesi. Nyuzi zalemba kangapo kuti ena mwa oimbawo amaimba ali m'ndende ya ku Zomba komweku. Taganizani, munthu womangidwa kubera mfulu! Chitupa cha unzika nachonso chisagone m'thumba la munthu wina, pakuti wosunga chitupa ndiye adzalandira.

Chifukwa chake ndikupempha nthambi ino isankhe lero anthu anayi, awiri akhale amayi, oti aziima pamalo olandirira ndi kope, kulemba amene walandira ndi amene wabwerera chimanjamanja. Wodandaula asapite yekha. Timperekeze kwa a komiti ya mudzi, zikakanika kwa a DC ku Zomba, kapena ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB. Ndipo tisafunse khadi la chipani. Wa chipani china akaberedwa, timperekezenso.

A Mlembi, tsegulani kope. Amene ali ndi dandaulo atsale tikatha pemphero.