Njira za mu Ubongo ndi Matenda a Shuga

Lero ndilankhula makamaka ndi inu a m'masukulu a ku Chadiza, koma enanu mumvetsere nawo.

Taganizirani njira imene mwadzera mmawa uno pochokera kumudzi. Palibe anailambula ndi khasu. Mapazi ndiwo anaipanga. Anthu akaleka kudzeramo, udzu umaitseka. Mu ubongo mwanu mulinso njira zotere. Muli timaselo ta mitsempha pafupifupi 86 biliyoni, ndipo kalikonse kali ndi nthambi zokumana ndi nthambi za tinzake. Pokumanira pamenepo, pamene akatswiri amapatcha synapse, ndi poolokera uthenga. Mukamaloweza kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56, mukupondaponda njira imodzi kufikira itayera.

Ubongo sulemera ngakhale makilogalamu 2, koma umadya gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu zonse za thupi, ndipo chakudya chake ndicho shuga wa m'magazi. Tsono wina angayese kuti shuga akachuluka ubongo ukondwa. Zinyama zinatiphunzitsa kuti si tero ayi.

Phunziro linayambira pa agalu. Mu 1889, ku Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa kapamba wa galu, galuyo nadwala shuga. Mu 1921, ku Toronto, Frederick Banting ndi Charles Best anapeza m'kapamba insulini, amene amatsitsa shuga m'magazi, ndipo mu 1922 mnyamata wa zaka 14 anapulumuka nayo.

Za ubongo tinazidziwa kupyolera mwa makoswe ndi mbewa. Anyamata amene mumakumba mbewa chimanga chikakololedwa, musaseke: abale a ndiwo zanuzo aphunzitsa madokotala zambiri. Mu 1996, ku Utrecht m'dziko la Netherlands, akatswiri anaika makoswe m'thanki ya madzi momwe anabisamo kachilumba kopumirapo. Khoswe wabwino akasambira kangapo amakumbukira pamene pali kachilumbako. Makoswe amene shuga anawakwera kwambiri anachedwa kuphunzira. Atapima ubongo wawo, m'chigawo chosunga chikumbumtima cha malo chotchedwa hippocampus, anapeza kuti pokumanira mitsempha paja sipankalimba monga pamachitira nyama ikamaphunzira.

Chimene ine chimandigwira mtima ndi chimene anapeza pambuyo pake. Makoswe amene anapatsidwa insulini matenda atangoyamba anaphunzira bwinobwino. Amene anapatsidwa patapita milungu yambiri, mankhwala sanabweze zonse zimene zinaonongeka.

Kuziona ndi maso njira zimenezi kunali kovuta. Poyamba kunali kupha nyama, kuseda ubongo tizidutswa topyapyala, kutipaka utoto ndi kutijambula pa maikulosikopu. Mwa njira imeneyi akatswiri a ku America anaona mu 2009 kuti mbewa za shuga zili ndi timinga tochepa pa nthambi za mitsempha, pamene uthenga umalandiridwa, ndi kuti timingato tinachuluka mwa mbewa zimene zinkathamanga pa gudumu ndi kudya moyeza. Masiku ano kuli makina a MRI ndi PET ojambula ubongo osang'amba mutu, ena aang'ono oyenera khoswe, kotero nyama imodzi ijambulidwa lero ndi mwezi wa mawa, kuona mmene matenda akuyendera. Mu 2016, ku Yale University, anayamba kujambula kuchuluka kwa pokumanira mitsempha mwa munthu wamoyo.

Khoswe si munthu, ndipo mwana wodwala shuga amene akulandira mankhwala ake akhoza ndithu kutsogolera kalasi lonse. Amene tikumudera nkhawa ndi yemwe matenda ake sanadziwike.

Aphunzitsi, mawu awa ndi anu. Mwana amene akumva ludzu losatha, amene akupempha kutuluka kukataya madzi kawirikawiri, amene akuonda chikhalirecho akudya, nawodzera pa desiki, musafulumire kumuyesa waulesi kapena kumupatsa chilango. Itanani makolo ake, ndipo afunseni ngati wayambanso kunyowetsa mphasa usiku kapena ngati nyerere zimaunjikana pamene wakodza. Apite naye msanga ku chipatala cha boma ku Chadiza, kapena ku kiliniki imene ili pafupi, akapemphe kuti amupime shuga. Amangomubaya pang'ono pa chala, natenga dontho limodzi la magazi.