Yang'anani dzina lachiwirilo

Mawu athu kwa achinyamata kwa Maganga, ku Salima.

Anzathu, kunyanja kuno munthu sakwera boti osafunsa kuti injini ikazima apalase ndani. Nanga bwanji za pa 16 September 2025 tinkangoyang'ana nkhope yoyamba?

Kumbukirani 2012. A Bingu atamwalira mu April, malamulo anapereka mpando kwa mayi Joyce Banda, chonsecho DPP inali itawachotsa kale. Wachiwiri si wongodula maliboni ayi, ndi pulezidenti wodikira.

Mu 2025 a Mutharika anali ndi zaka 85, ndipo anasankha mayi Jane Ansah. Eya, omwe aja anali wapampando wa MEC pachisankho cha tipeksi cha 2019, chimene khoti linachithetsa pa 3 February 2020. Enafe nsapato zinathera pamsewu nthawi imeneyo. A Chakwera anatenga a Vitumbiko Mumba, omwe unduna anali atangoulawa kumene.

Ife akuluakulu timawalemekeza, matayala sitiwotcha. Koma awiriwa akafika ku Senga Bay ndi zitenje zachipani, afunseni mwaulemu: mpando utakugwerani mawa, mafuta a maboti ndi mtengo wa chimanga mudzatani nazo?

Tumizani uthengawu m'magulu anu onse.